Intaneti Ikamachedwa M'nyumba

 Konzani makope ndi mapensulo, pakuti kutsogoloku tichita masamu pang'ono. Aphunzitsi, ndikupemphani kuti muime pafupi ndi bolodi, choko chili m'manja.

Lero ndikutengani ku Kafue, tauni imene ili m'mphepete mwa mtsinje wa dzina lomwelo, mtunda wa makilomita oposa 40 kumwera kwa Lusaka. Kafue ndi tauni ya mafakitale. Kumeneko n'kumene kuli Nitrogen Chemicals of Zambia, fakitale ya feteleza imene inayamba ntchito mu 1970. Kulinso fakitale yosungunula zitsulo, ndipo agogo anu ena akumbukira nsalu za Kafue Textiles. Njanji imadutsa pomwepo, ndipo ulalo wake pa mtsinjewo unamangidwa mu 1906. Koma poyamba ndifuna kuti muganizire za malo ena a ku Kafue komweko otchedwa Iolanda, kumene mapampu aakulu amatunga madzi mu mtsinje, ndipo madziwo akayeretsedwa amakankhidwa m'mapaipi mpaka ku Lusaka.

Tiyerekeze kuti mumakhala ku Lusaka, ndipo mmaŵa wina mwatsegula mpopi wa panyumba panu, madzi n'kumangodontha. Kodi vuto lili pati? Mwina magetsi azima ku mapampu a ku Iolanda. Mwina paipi yaikulu yaphulika panjira. Mwina nyumba zonse za mu mzere wanu zatsegula mipopi nthaŵi imodzi, popeza aliyense akusamba kuti apite ku ntchito. Mwinanso kapaipi koloŵa pabwalo panu kadzaza dzimbiri. Munthu wothamangira ku sitolo kukagula mpopi watsopano wonyezimira asanafufuze zonsezi, amangotaya ndalama, madzi n'kumadonthabe monga kale. Intaneti nayo imayenda ulendo wautali isanafike pa foni ya amayi anu kapena pa kompyuta ya aphunzitsi, ndipo ingathe kutsamwa pena paliponse pa ulendowo.

Ndikuuzeni chimene chinandichititsa kukonza nkhaniyi. Ndili ndi anzanga amene tinaphunzira nawo kale, mayi wa ana atatu, ndipo ndi aphunzitsi a ku pulaimale monga anu omweŵa. Amakhala pafupi ndi dera la mafakitale ku Kafue, kumene amuna awo amagwira ntchito ya mashifiti. Mayiŵa akuwonjezera maphunziro ali pantchito, ndipo maphunziro awo amachitika madzulo pa intaneti. Kwa miyezi iŵiri anazunzika ndithu. Mawu a woŵaphunzitsa ankadukaduka, chithunzi chinkangouma, ndipo tsiku lina ntchito yofunika kutumizidwa isanakwane 10 koloko usiku inakana kupita, iwo n'kutaya malikisi. Atalandira malipiro a mwezi umenewo anakwera basi ya ku Lusaka, nakaloŵa m'sitolo ina yogulitsa katundu wakale wochokera kunja. Mmenemo anagula kabokosi kakuda kokongola, kokhala ndi manambala aakuluakulu pa katoni yake. Ndalama zimene anapereka zikadakwanira ufa ndi ndiwo za masabata aŵiri.

Loŵeruka lotsatira anandiimbira lamya. “Alongo anga,” anatero, “inu mumagwira ntchito ku wailesi, za mawaya muzidziŵa. Tabwerani mudzandionere chinthuchi. Ndafunafuna poloŵetsera simukhadi koma sindikupaona.”

Nditafika ndinatembenuza kabokosiko. Poloŵetsera simukhadi panalibedi. Kumbuyo kwake kunali kachitsulo kozungulira, konga kamene mumamangirapo waya wa dishi kuseri kwa dikoda. Ndinaŵauza kuti, “Alongo, pepani. Chinthu chanuchi n'chamoyo, sichinawonongeke, koma kuno ku Kafue chilibe ntchito.” Chinali chimene eni ake amachitcha cable modem. Mayi aja anakhala chete kanthaŵi, kenaka anaseka mwachisoni nati, “Safunsa anadya phula.”

Aphunzitsi, lembani pabolodi liwu lakuti modemu. Ana inu, modemu ndi womasulira. Kompyuta ndi foni zimadziŵa manambala aŵiri okha, 0 ndi 1, ndipo chithunzi, nyimbo kapena kalata zonse zimasandutsidwa manambala ameneŵa. Koma manambala sangayende okha. Ayenera kusinthidwa kuti akhale chinthu chimene njira yake ingathe kunyamula: mafunde a wailesi mumlengalenga, kuŵala m'kaulusi ka galasi, kapena mphamvu ya magetsi m'waya wa mkuŵa. Ntchito imeneyi ndiyo ya modemu, ndipo njira iliyonse ili ndi modemu yakeyake. Munthu wodziŵa kumasulira Chitonga, ngakhale akhale katswiri chotani, sangakuthandizeni pa mlandu wokambidwa m'Chilozi.

Nanga cable modem imamasulira chilankhulo chiti? M'maiko monga America, Canada ndi Germany, makampani a wailesi yakanema anayala mawaya ofika nyumba ndi nyumba intaneti isanafale. Itafala, akatswiri anapeza njira yoidutsira m'mawaya omwewo, napangana malamulo otchedwa DOCSIS, amene anatuluka koyamba mu 1997. Cable modem imamva chilankhulo chimenecho basi. Kwathu kuno wailesi yakanema imafika kudzera pa eriyo kapena pa dishi, ndipo mawaya a mtundu uja sanayalidwe m'makomboni athu. Waya wa dishi yanu ungathe kukwana pa kachitsulo kaja, koma umathera padenga pomwepo. Sufika ku kampani iliyonse ya intaneti. Ngakhale m'maiko aja, munthu wanzeru sagula cable modem asanafunse kampani yake ngati ingailole, ndipo amayang'ana ngati ili ya DOCSIS 3.1, imene inatuluka mu 2013, kapena ya DOCSIS 3.0 ya mu 2006. Choncho amalume anu a kunja akafuna kukutumizirani kabokosi kotere, athokozeni, koma apempheni kuti atumize china.

Dziko lathu linalumikizidwa ku intaneti mu 1994, kudzera mu ZAMNET ya pa University of Zambia, ndipo linali limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kutero. Masiku amenewo modemu inkalumikizidwa ku waya wa lamya ya m'nyumba. Ikamayamba ntchito inkalira ngati nkhululu, ndipo nthaŵi yonse imene inali kugwira ntchito munthu sakanatha kuimba lamya. Yothamanga koposa mwa mtundu umenewo inkanyamula timanambala 56,000 pa sekondi imodzi. Sungani nambala imeneyi, tiifunanso.

Lero intaneti imafika panyumba m'njira zitatu zodziŵika. Yofala koposa ndi ya simukhadi: kabokosi kamalankhulana ndi nsanja ya Airtel, MTN kapena Zamtel pa 4G, ndiponso pa 5G, imene MTN inayambitsa m'madera ena mu 2022. Ina ndi ya faiba, kaulusi ka galasi koonda ngati tsitsi, kamene makampani monga Zamtel ndi Liquid amayala m'misewu ina. Inanso ndi ya setilaiti, monga Starlink, imene inayamba ntchito m'dziko muno mu October 2023. A faiba ndi a setilaiti amabwera ndi mabokosi awoawo. Tsono funso loyamba pa sitolo lisakhale lakuti, “Yothamanga kwambiri ndi iti?” Likhale lakuti, “Ndi njira iti imene imafika panyumba panga?”

Tsopano masamu aja. Kanambala kamodzi, kaya 0 kaya 1, kamatchedwa biti. Mabiti 8 amapanga baiti imodzi. Apa pali msampha umene umakola ngakhale akuluakulu. Liŵiro la intaneti amaliyeza ndi mamegabiti pa sekondi, ndipo amalemba Mbps, ndi b wamng'ono. Kukula kwa buku, chithunzi kapena bandulo amakuyeza ndi mamegabaiti, ndipo amalemba MB, ndi B wamkulu. Aphunzitsi, lembani zonse ziŵiri pabolodi, ndipo muzunguze zilembo ziŵirizo kuti ana aone kusiyana kwake.

Nali funso. Aphunzitsi anu afuna kutsitsa buku la sayansi lokula 50 MB. Kodi m'bukumo muli mamegabiti angati? Chulukitsani 50 ndi 8. Mwapeza 400? Mwakhoza. Ngati liŵiro la intaneti ndi 10 Mbps, gaŵani 400 ndi 10. Bukulo lifika m'masekondi 40. Nanga liŵiro likatsika kufika pa 1 Mbps? Aphunzitsi, apatseni kanthaŵi. Yankho ndi masekondi 400, ndiye kuti mphindi 6 ndi masekondi 40. Pa modemu yolira ngati nkhululu ija, buku lomwelo likadatenga pafupifupi maola aŵiri. Mukadziŵa masamu ameneŵa simudzangonena kuti “ikuchedwa”; mudzatha kunena kuti ikuchedwa motani. Pali masamba a pa intaneti, monga Speedtest ndi Fast.com, amene amayeza liŵiro n'kukuuzani nambala. Kuyezako kumadyanso bandulo, choncho musamayeze kaŵirikaŵiri ngati maseŵera.

Tibwerere ku nyumba ya anzanga aja. Tinaika pambali kabokosi katsopano, ndipo ndinapempha kuti andisonyeze kakale kamene ankati kakalamba. Kanali ka 4G, koloŵetsa simukhadi. Ndinakapeza m'kabati pansi pa wailesi yakanema, m'kona ya chipinda chochezera, pambali pa firiji, ndipo pamwamba pake anafunditsapo kansalu koluka kuti kasachite fumbi. Nditakagwira kanali kotentha ngati mbatata yochoka pamoto. Tinayeza liŵiro ku chipinda chogona, kumene mayiŵa amaŵerengera: silinafike ndi 1 Mbps yomwe. Tinayeza titaima pafupi ndi kabati: 3 Mbps. Kenaka tinatulutsa kabokosiko, tinalumikiza waya wautali wa magetsi, n'kumayenda nako zenera ndi zenera. Pa zenera la kukhichini nambala inakwera kufika pa 14.

N'chifukwa chiyani? Kabokosi kotere kamagwira ntchito ziŵiri, ndipo ndi bwino kuzilekanitsa m'maganizo. Ntchito yoyamba ndi ya modemu, yolankhulana ndi nsanja imene ili kutali. Yachiŵiri ndi ya rauta, yogaŵira mafoni ndi makompyuta a m'nyumba kudzera pa Wi-Fi. Zonse ziŵiri zimadalira mafunde a wailesi, ndipo mafunde ameneŵa amafooka akamadutsa m'khoma la njerwa kapena la konkire. Chitsulo ndiye chimaŵatchinga kwambiri. Malata, firiji, chitseko chachitsulo, ngakhale thanki ya madzi, zonsezi ndi adani ake. M'dera la mafakitale vutoli limakula, pakuti pakati pa nyumba ndi nsanja pamaima nyumba zazitali zazitsulo ndi milu ya katundu. N'chifukwa chake zenera labwino silikhala nthaŵi zonse loyang'ana ku nsanja imene mukuiona ndi maso. Muyenera kuyesa mazenera onse, ndipo kabokosiko kakhale pamwamba, poyera, popita mphepo.

Ngati mufuna kudziŵa kuti mwa ntchito ziŵirizi yolephera ndi iti, tengani laputopu muilumikize ku kabokosiko ndi waya wa netiweki, muyeze. Liŵiro likakhala labwino pa waya koma loipa ku chipinda, ndiye kuti nsanja ilibe mlandu. Vuto ndi Wi-Fi ya m'nyumba mwanu. Mabokosi ambiri a masiku ano amatulutsa Wi-Fi ya mitundu iŵiri. Ya 2.4 GHz imafika patali ndipo imayesetsa kuboola makoma, koma ndi yochedwerapo, ndipo m'komboni imapanikizana ndi ya anansi. Ya 5 GHz imathamanga, koma imafuna kuti mukhale pafupi. Musaisokoneze ndi 5G ya pa nsanja. Maina akufanana, koma ndi zinthu ziŵiri zosiyana.

Tisanakondwere ndi 14 uja, ndinatsegula tsamba la kabokosiko limene limasonyeza zonse zolumikizidwa. Panali mafoni ndi makompyuta 13. Ndinafunsa kuti, “Alongo, m'nyumba muno muli mafoni angati?” Anaŵerenga ndi zala: mafoni atatu, laputopu imodzi ndi wailesi yakanema, zonse pamodzi zisanu. Zisanu ndi zitatu zinazo zinali za yani? Ana a m'nyumbamo anayang'ana pansi. Wamkulu, mnyamata wa zaka 11, anaulula kuti anapatsa pasiwedi mnzake wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo mnzakeyo anapatsa mkulu wake, mkuluyo n'kupatsanso anzake oseŵera nawo mpira. Ndikudziŵa kuti ena mwa inu amene mukumvetsera mwaŵeramitsanso mitu. Kugaŵana ndi anzathu ndi mwambo wabwino, ndipo sindikuuletsa. Koma liŵiro la kabokosi lili ngati nsima ya m'mbale imodzi: manja akachuluka, aliyense amatema pang'ono. Mnyamata uja sankadziŵa kuti pamene anzake ankaonera mpira kuseri kwa mpanda, amayi ake ankataya malikisi m'chipinda. Musapereke pasiwedi makolo asanavomere. Tinaisintha tsiku lomwelo.

Pali akuba ena osaoneka amene ali m'nyumba momwemo. Foni imadzikonza yokha potsitsa zatsopano mwini wake asakudziŵa, inanso imatumiza zithunzi zonse za tsikulo kukazisunga kutali, ndipo kanema wosiyidwa akuseŵera m'chipinda mopanda munthu amadyabe gawo lake. Kanema mmodzi wooneka bwino kwambiri amafuna pafupifupi 5 Mbps, kotero kuti anthu atatu akamaonera atatu osiyana, 14 uja watha. Yang'ananinso bandulo. Ena mwa mabandulo otchedwa opanda malire amathamanga kufikira mutadya muyeso wina wake, kenaka kampani imachepetsa liŵiro mpaka mwezi utathe. Zimenezi zimalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono timene ambiri sitiŵerenga.

Ndinakhala pa nyumbapo mpaka madzulo, chifukwa ndinkafuna kuona nthaŵi imene mavuto ankachitika. Itakwana 8 koloko usiku tinayezanso pa zenera lomwe lija, ndipo 14 uja anali atatsika kufika pa 4. Kabokosi kanali komweko, zenera lomwelo, pasiwedi yatsopano. Chinasintha ndi chiyani? Anthu anali ataŵeruka. Nsanja imodzi imagaŵira anthu mazanamazana, ndipo madzulo, ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'maofesi akafika kunyumba, onse amatenga mafoni nthaŵi imodzi. N'chimodzimodzi ndi mipopi ya mu mzere ija. Vuto limeneli palibe kabokosi ka m'sitolo kamene kangalithetse, ngakhale kakhale kodula chotani. Ndi kampani yokha imene ingawonjezere mphamvu ya nsanja. Chimene mayiŵa anachita ndi kusintha nthaŵi. Mabuku ndi makanema a maphunziro amatsitsa m'bandakucha, anthu ali mtulo, ndipo ntchito yofunika kutumiza saidikiritsanso mpaka usiku. Pa phunziro la madzulo amazima kamera yawo n'kumamvetsera mawu okha, pakuti mawu amafuna liŵiro lochepa kwambiri.

Za magetsi sindichulutsa, pakuti nonse mukukumbukira chaka cha 2024. Chilala chinakula kotero kuti Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lili pa ngozi. Madzi anachepa ku Kariba ndi mu Kafue momwe, ndipo m'miyezi ina magetsi ankazima maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Anthu a ku Kafue ankagona mumdima ngakhale kuti malo opangira magetsi a Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, anali atatsegulidwa chaka chimodzi chokha m'mbuyomo pa mtsinje wawo womwewo. Nsanja nazo zimadya magetsi. Akazima zimadalira mabatire ndi majenereta, ndipo imodzi ikatopa n'kuzima, mafoni onse a dera limenelo amathamangira ku nsanja yotsatira, imene imalemedwa. Kabatire kosungira moto ka kabokosi kanu n'kothandiza, koma kamathandiza pokhapokha nsanja ili moyo.

Ulendo wa intaneti sutheranso pa nsanja. Aphunzitsi, ngati muli ndi mapu a Africa, apachikeni. Ana inu, pezani Zambia. Kodi nyanja yamchere ili kuti? Tilibe. Komatu zambiri zimene timaŵerenga ndi kuonera zimasungidwa m'makompyuta aakulu a m'maiko ena, ndipo zimadutsa m'mawaya a faiba ogonekedwa pansi pa nyanja yamchere. Kuti zifike kuno ziyenera kutsika pa gombe la dziko lina, monga Tanzania, Mozambique, Namibia kapena South Africa, n'kuyenda pamtunda makilomita mazana ambiri. Faiba ina imayenda pamwamba pa mawaya aakulu a ZESCO, ina pansi m'mbali mwa misewu. Mu May 2024 mawaya aŵiri a pansi pa nyanja, a EASSy ndi SEACOM, anaduka pafupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inachedwa kwa masiku angapo ku Tanzania, Kenya, Malaŵi ndi Mozambique. Waya wotere amakaukonza ndi sitima yapamadzi. Zoterezi zikachitika mumazindikira chifukwa aliyense amadandaula, anansi anu ndi abale a m'matauni ena omwe, ndipo palibe chochita koma kudikira. Pamtunda pano faiba imadulidwa ndi okumba ngalande, ndiponso ndi akuba oyesa kuti muli mkuŵa. Mukaŵauze akuluakulu kunyumba kuti m'kati mwake muli galasi chabe, losagulitsika, ndipo woidula amazimitsira intaneti chipatala, banki ndi sukulu.

Tsono tinene kuti mwafufuza zonsezi, ndipo mwapeza kuti kabokosi kanu n'kokalambadi kapena kanapsa ndi mphezi. Mugule kotani? Musanapite ku sitolo, itanani anansi amene ali ndi masimukhadi a makampani osiyanasiyana, ayeze liŵiro pa mafoni awo ali m'nyumba mwanu, masana ndiponso madzulo. Kampani yothamanga ku Shikoswe ingathe kukhala yochedwa ku Kafue Estates, ndipo umboni wa mnzanu wa ku Lusaka sukuthandizani konse. Mukadziŵa kampani yoyenera nyumba yanu, funsani wogulitsa ngati kabokosiko n'komangidwa ku kampani imodzi kapena kamalandira simukhadi iliyonse. Komangidwa kamatsika mtengo, koma tsiku limene mudzafune kusintha kampani kadzakana. Ine ndimakonda kosamangidwa, ngakhale kamadula pang'ono, chifukwa nsanja zimasintha ndipo anthu amasamuka.

Manambala aakulu a pa katoni musaŵakhulupirire kwambiri. Mabokosi a 4G ali m'magulu: la Cat 4 limalembedwa 150 Mbps, la Cat 6 limalembedwa 300 Mbps. Amenewo ndi malire a kabokosiko zinthu zonse zitakhala bwino. Minibasi nayo ili ndi nambala ya 160 kutsogolo kwa dalaivala, koma pa msewu wa Kafue poloŵa mu Lusaka mmaŵa imayenda ngati kamba. Komabe la Cat 6 lili ndi ubwino weniweni, pakuti limatha kulandira mafunde a mitundu iŵiri nthaŵi imodzi ngati nsanja ikutumiza motero. La 5G n'lodula, ndipo musaligule musanatsimikize kuti 5G imafika pa nyumba yanu. Ngati mumakhala kuseri kwa nyumba zazitsulo za fakitale, chofunika koposa ndi timabowo tolumikizira eriyo yakunja, chifukwa eriyo yoikidwa pamwamba pa denga imaona nsanja imene kabokosi ka m'nyumba sikangaione. Kabokosi kam'thumba kokhala ndi batire, kamene ambiri amati MiFi, n'kabwino kwa munthu mmodzi kapena aŵiri, koma banja lonse kamalemedwa nalo. Funsaninso ngati mtundu umenewo ndi wovomerezedwa ndi ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti. Ndipo musachoke m'sitolo popanda lisiti ndi pangano lakuti mungabweze katunduyo akakana kugwira ntchito. Anzanga aja lisiti analibe.

Ngati mwachita zonse koma liŵiro likadali kutali ndi limene mukulipirira, lembani m'kope tsiku, nthaŵi ndi nambala imene mwayeza kwa sabata yathunthu, ndipo mupite nalo kopelo ku kampani yanu. Wodandaula ndi manambala amamveka msanga kuposa wodandaula ndi mkwiyo. Kampani ikalephera kukuthandizani, dandaulo lanu mungapite nalo ku ZICTA.

Ana inu, mawu aŵiri a chenjezo. Kukwera padenga kukamanga eriyo ndi ntchito ya akuluakulu odziŵa, makamaka kumene mawaya a magetsi adutsa pafupi. Ndipo mvula ya mabingu ikayamba, uzani makolo azule kabokosiko ku magetsi, achotsenso waya wa eriyo yakunja.

Mayi aja sanagulenso kabokosi kena. Kakale kaja kali pa shelefu imene amuna awo anakhoma pa zenera la kukhichini, ndipo kansalu koluka kanabwerera pa tebulo. Cable modem ija anapita nayo ku sukulu, naiika pa tebulo la sayansi m'kalasi mwawo pamodzi ndi chisa cha mpheta ndi miyala ya mu mtsinje wa Kafue. Amandiuza kuti mwana aliyense watsopano amaitembenuza kufunafuna poloŵetsera simukhadi, ndipo anzake amamufotokozera okha chifukwa chake palibe.

Nayi ntchito yanu ya sabata ino. Aphunzitsi, ngati muli ndi foni yokhala ndi bandulo, yezani liŵiro pa malo atatu: m'kati mwa kalasi, pa zenera, ndi pakati pa bwalo la maseŵera. Ana alembe manambala atatuwo m'makope, ndipo aŵerengere kuti buku la 50 MB lija lingatenge masekondi angati pa malo alionse. Amene sukulu yanu ili kumene netiweki sifika, gwiritsani ntchito manambala a ku nyumba ya ku Kafue ija: 1, 3, 4 ndi 14. Mukagaŵa 400 ndi 3 kapena ndi 14 padzatsala zotsala, ndipo aphunzitsi adzakusonyezani chochita nazo. Tsalani bwino mpaka sabata yamaŵa, nthaŵi yonga yomweyino.